Mtunda wa Tsokonombwe

Akuluakulu a kuno ku Malambo akaona mwana akugwira zinthu ziwiri nthawi imodzi, sachedwa kumukumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Mwambiwu ndi wa munthu amene mvula yamupeza m'thengo. Phanga lili uku, lina lili uko. Athamangira ili, n'kuganiza kuti lija ndiye labwino, abwerera, ndipo pamene akusankhasankha mvula yamutha. Masiku ano mawuwa akugwera ana athu ena amene anapita ku Lusaka, ku Kitwe, ku Ndola kapena ku Kabwe kukaphunzira za makompyuta, n'kubwerako ndi mapepala awo koma opanda ntchito. M'mawa amatumiza makalata ofunsira ntchito yolemba mapulogalamu. Usiku amatsegula buku la masamu limene palibe mphunzitsi anawatuma kuti awerenge, n'kumalimbana ndi machine learning, luso lophunzitsa kompyuta kuzindikira zinthu poionetsa zitsanzo zambiri. Mayi amene anagulitsa thonje ndi mbuzi kuti laputopu igulidwe amaona nyali ikuyaka mpaka atambala oyamba, n'kufunsa kuti, "Kodi iwe mwana wanga, sukulu sunamalize? Nanga ukuwerenganso chiyani? Funa ntchito kaye."

Funso la mayiyu ndi lolemera, ndipo amene angaliseke sadziwa mmene ndalama imapezekera m'chigwa muno. Munda wa thonje umakonzedwa mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40. Chimanga chikayamba kukhwima, bambo amagona m'chilindo kuingitsa njovu, ndipo tulo tikamuba usiku umodzi wokha, m'mawa apeza mapesi okhaokha. Ndalama yotuluka m'munda wotero ikalowa m'sukulu ya mwana mmodzi, banja lonse limawerengera tsiku limene idzabwerere. Azing'ono ake akudikira nsapato, agogo akudikira mankhwala, denga likudikira malata. Mayi akamati funa ntchito kaye sakunyoza maphunziro. Akuwerenga masamu a pakhomo, ndipo akuwawerenga molondola.

Ntchito m'boma la Mambwe zilipo, kungoti zambiri si za mtundu umene mwanayu anaphunzira. Paki ya South Luangwa, ya masikweya kilomita 9,050, imadyetsa mabanja ambiri a ku Mfuwe: otsogolera alendo, ophika, oyendetsa magalimoto, olondera nyama, ojambula nsalu ku Tribal Textiles, ogwira ntchito pabwalo la ndege. Alimi ali ndi COMACO yowagula mpunga ndi mtedza. Aphunzitsi ndi anamwino amalembedwa ndi boma. Koma ofuna munthu wolemba mapulogalamu ambiri ali ku Lusaka, m'mabanki, m'makampani a mafoni, m'maofesi a boma ndi m'mabungwe akuluakulu. Kuchoka ku Mfuwe kukafika ku Chipata ndi makilomita oposa 100, ndipo kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi ena pafupifupi 570. Ukaitanidwa ku intaviyu, ndalama ya basi yokha ndi mbuzi ina. Ukawerenga zolengeza za ntchito, ngakhale zimene zalembedwa kuti ndi za ongoyamba kumene, nthawi zambiri umapeza akufuna munthu amene wagwirapo kale zaka ziwiri kapena zitatu. Makalata ambiri amapita osayankhidwa, ndipo kukhala chete kumeneko kumapweteka kuposa kukanidwa, chifukwa wokanidwa amadziwa poima.

Nanga n'chifukwa chiyani mwana wotere akudzisenzetsanso katundu wa masamu? N'chifukwa choti waona mmene ntchito yakeyo ikusinthira iye asanailowe n'komwe. Mu 2022 ndi 2023 makampani akuluakulu a makompyuta ku America anachotsa antchito masauzande ambirimbiri, ndipo anthu odziwa amenewo anayamba kulimbirana ntchito za pa intaneti zomwe mwana wa ku Zambia amayembekezera. Kumapeto kwa Novembala 2022 kunatuluka ChatGPT, ndipo kuyambira pamenepo mapulogalamu ang'onoang'ono amene ongoyamba kumene ankaphunzirirapo ntchito, makina akumawalemba okha m'kanthawi kochepa. Chotsala m'manja mwa munthu ndi kudziwa ngati chimene makina alembacho n'cholondola, ndiponso ngati yankho limene apereka lingadaliridwe. Kudziwa kumeneko kumachokera ku masamu. Boma la Zambia nalo linakhazikitsa ndondomeko yake ya AI, luso la makina oterewa, mu Novembala 2024, kusonyeza kuti nkhaniyi yafika pakhomo. Choncho buku la usiku lija si phanga lachiwiri. Mwanayu ali paulendo umodzi, ndipo mwambi womuyenera ndi wina: tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Aliyense amene anakulira kumudzi amamudziwa tsokonombwe. Ndi wojintcha, wa mtundu wa dothi, ndipo alibe mapiko oti n'kuuluka nawo monga achitira dzombe. Ukamuona pa njira ungati sapita kulikonse. Adumpha kamodzi, aima, adumphanso. Makolo athu anamuyang'anitsitsa n'kuona kuti madzulo ali kutali ndi pamene anali m'mawa. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti makina amene ana athuwa akufuna kuwamvetsa amaphunzira mwa njira yomweyi, ndipo izi ndi zenizeni za mmene amagwirira ntchito.

Tinene kuti tikufuna kompyuta izisiyanitsa chithunzi cha kambuku ndi cha fisi. M'kati mwa pulogalamu muli manambala ambirimbiri, nthawi zina mamiliyoni, amene poyamba amangoikidwa mwachisawawa. Timaionetsa chithunzi, iyo n'kupereka yankho, ndipo poyamba imaphonya kwambiri. Kukula kwa kuphonyako timakuyeza ndi nambala imodzi. Apa ndi pamene calculus imalowera. Imatiuza kuti nambala iliyonse ya m'kati muja, tikaikweza pang'ono kapena kuitsitsa pang'ono, kuphonya kudzachepa kapena kudzakula, ndipo ndi mlingo wotani. Tikadziwa zimenezi timasuntha manambala onse pang'ono chabe kulowera kumene kuphonya kukuchepa, n'kutenga zithunzi zina, n'kuyezanso, n'kusunthanso. Kubwereza kumeneku kukachitika kambirimbiri, pulogalamu imene poyamba sinkadziwa kanthu imayamba kuloza kambuku molondola. Njirayi amaitcha gradient descent, ndipo si yatsopano. Katswiri wa masamu wa ku France, Augustin-Louis Cauchy, anailongosola mu 1847, kompyuta kulibe. Mu 1986 David Rumelhart, Geoffrey Hinton ndi Ronald Williams anafalitsa njira yowerengera kusunthaku m'mapulogalamu a zigawo zambiri, ndipo mu 2012, makompyuta atakhala ndi mphamvu zokwanira, pulogalamu yotchedwa AlexNet inaposa zina zonse pa mpikisano wozindikira zithunzi wa ImageNet. Kuchoka kwa Cauchy kufika pamenepo panadutsa zaka 165.

Wolemba pulogalamu ndiye amasankha kutalika kwa kudumpha kulikonse, ndipo apa m'pamene pagona luso. Akatalikitsa kwambiri, pulogalamu imapitirira pamalo abwino n'kukagwera tsidya lina, ibwerera, ipitiriranso, osakhazikika. Akafupikitsa kwambiri, batire imatha isanafike kulikonse. Ophunzira okha nawo amagwa pawiri pomwepa. Pali amene amalumbira kuti linear algebra yonse aimaliza m'sabata imodzi chifukwa intaviyu yayandikira. Amawerenga masamba ochuluka, sagwira kanthu, n'kugamula kuti mutu wawo si wa masamu. Palinso amene amakhala pa mutu woyamba miyezi yambiri, kuopa kupita patsogolo asanamvetse kadontho kalikonse. Mlingo wabwino ndi umene munthu angaukwanitse lero, mawa ndi mkuja osadwala nawo: mutu umodzi waung'ono, mafunso ake asanu kapena khumi, mpaka atatheka.

Koma chachikulu kwambiri ndi kuyeza kuphonya. Pulogalamu imene siuzidwa pamene yaphonya siphunzira chilichonse, ngakhale itaona zithunzi zonse za padziko. Lero maphunziro aulere ali mbwee. Maphunziro a linear algebra a Gilbert Strang wa ku MIT, amene anaphunzitsa mpaka 2023 ali ndi zaka 88, aliyense angawaonere pa intaneti. Kosi ya machine learning ya Andrew Ng, imene inayamba kuphunzitsidwa pa intaneti mu 2011, yadutsa m'manja mwa anthu mamiliyoni. Buku la Mathematics for Machine Learning la Deisenroth, Faisal ndi Ong eni ake analiika poti aliyense alitenge osalipira. Vuto lake n'lakuti kuonera mphunzitsi waluso kumakoma, ndipo kukomako kumanamiza. Umagwedeza mutu, zonse zikumveka, bandulo n'kutha, koma ukapatsidwa pepala loyera dzanja limauma. Ine ndimakhulupirira kuti ola limodzi la kutseka buku n'kuyesa funso wekha, kuphonya, kufufuza pamene waphonyera n'kuyesanso, limaposa tsiku lathunthu la mavidiyo. Ndi ola lowawa, ndipo n'chifukwa chake ambiri amalithawa.

Ena amati masamu n'ngosafunika, popeza zida zilipo kale ndipo mizere khumi ya chinenero cha kompyuta cha Python ikwanira kuphunzitsa pulogalamu. Mizere khumiyo ilipodi. Koma tamverani za ku Serengeti, ku Tanzania, kumene ofufuza anatchera makamera 225 ojambula okha nyama ikadutsa. Mu 2018 akatswiri anafalitsa zotsatira za kuphunzitsa makina pa zithunzi 3.2 miliyoni zochokera m'makamerawo. Mwa zojambulidwa zinayi zilizonse, pafupifupi zitatu zinalibe nyama. Udzu ukagwedezeka ndi mphepo, kamera imajambula. Izi zikutanthauza kuti munthu atalemba pulogalamu yongoyankha kuti "palibe nyama" pa chithunzi chilichonse, ikhoza mayankho 75 pa 100 isanaone nyama ngakhale imodzi. Wosadziwa masamu a probability adzaona 75 uja n'kusangalala, n'kukaonetsa kwa bwana. Wodziwa adzafunsa kuti, mwa zithunzi zimene munalidi kambuku, yapezamo zingati? Pa nswala zikwi zambiri kambuku amaoneka kamodzikamodzi, ndipo iyeyo ndiye amene ofufuza akumufuna. Kusiyana kwa anthu awiriwa ndiko kumene wolemba ntchito wanzeru amakufufuza pa intaviyu.

Pali msampha wina umene mwana wa ku Malambo angauone msanga kuposa wa m'tauni. Makina amakonda kuloweza. Ukawaphunzitsa ndi zithunzi za malo amodzi, amatha kugwira mtengo ndi chulu za kumbuyo m'malo mwa nyamayo, ndipo ukawapititsa kumalo ena amasokonezeka. Ife tikudziwa kuti Luangwa wa mu Okutobala, wa mchenga ndi fumbi ndi mvuu zothithikana m'madziwe otsala, si Luangwa wa mu Febuluwale, pamene mtsinje wasefukira ndipo udzu wabisa njati. Pulogalamu yophunzira m'chilimwe chokha ingalephere m'dzinja. Amene anakulira pano safunika kuuzidwa zimenezi. Chimene akusowa ndi masamu oti asandutse chimene akuchidziwacho kukhala muyeso woti wina aliyense autsimikize.

Ndiponso kuphunzira wekha uku ukugwira kapena kufuna ntchito si chinthu chachilendo m'chigwa muno. Kuyambira pamene Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu mu 1950 kutsegula msasa wa alendo m'dziko la mfumuyo, ntchito yotsogolera alendo yakula mpaka kukhala ulemu wa Mfuwe. Mayeso a ntchitoyi ku South Luangwa amadziwika kuti ndi ovuta, makamaka a woyenda ndi alendo pansi. Ambiri mwa amene anawapambana sanachokere ku yunivesite. Anayamba ndi kutsuka mbale, kunyamula tiyi kumbuyo kwa alendo, kapena kuwalitsa nyali pagalimoto usiku. Akaweruka ankatsegula mabuku a mbalame, m'paki imene muli mitundu yoposa 400, n'kumaloweza maina a Chilatini a mitengo imene agogo awo anawaphunzitsa m'Chikunda. Ena ankalephera chaka choyamba n'kubwereranso. Palibe amene lero amati anthu amenewa anavumbwa. Nyumba za malata zimene anamanga ndi ana amene anawaphunzitsa zikuoneka. Mwana wa laputopu uja ndi mdzukulu wa khama lomwelo, kungoti buku lake ndi lina.

Komabe akuluakulu aja sanalakwe kotheratu, ndipo apa ndiyenera kulankhula ndi ana athu mosabisa. Mapanga awiri amavumbwitsadi munthu amene sabata ino wayamba kosi iyi, sabata ya mawa wamva kuti kwatuluka chida chatsopano n'kusiya, mwezi wa mawa wayamba chinenero china cha kompyuta. Amatolera masatifiketi a makosi a maola ochepa, CV n'kutalika, koma palibe chinthu chimodzi chimene anachiyamba n'kuchimaliza choti munthu n'kuchigwiritsa ntchito. Amavumbwanso amene amabisala m'buku poopa kukanidwa, n'kumati ndidzafunsira ntchito ndikadzakonzeka. Tsiku lokonzekalo silifika, chifukwa masamu alibe malire. Ndipo amavumbwa koposa amene amakana ntchito yaing'ono poti si ya AI.

Srinivasa Ramanujan wa ku India, amene dziko lonse limamutchula pakati pa akatswiri a masamu, anaphunzira yekha kuchokera m'buku limodzi lakale limene analipeza ali ndi zaka pafupifupi 16. Analephera mayeso a kukoleji chifukwa maphunziro ena onse anawataya. Atakwatira mu 1909 anayenda khomo ndi khomo kufuna ntchito ya ukalaliki, makope ake a masamu ali m'manja. Zambiri ankawerengera pa sileti chifukwa mapepala anali okwera mtengo. Mu 1912 analembedwa ukalaliki ku doko la Madras pa malipiro a marupi 30 pamwezi, ndipo ali pa ntchito imeneyo, mu Januwale 1913, ndi pamene analembera kalata G. H. Hardy wa ku Cambridge. Mutu wa Ramanujan unali wa yekha, ndipo sindikuuza mwana aliyense kuti adziyerekeze naye. Chimene ndikutengapo n'chakuti ngakhale iye anafunika malipiro a mwezi ndi mwezi kuti mtima ukhale pansi, ndipo akuluakulu a padokopo nawo anaona makope ake n'kumulimbikitsa. Ukalaliki sunaphe masamu ake, unawadyetsa. Choncho ntchito yokonza netiweki pa malo ogona alendo, yosunga kaundula pa kiliniki, yophunzitsa makompyuta pa sekondale, yolemba katsamba ka pa intaneti ka wamalonda wa ku Chipata, mwana wanga itenge. Imabweza ndalama ya mbuzi ija, imakupatsa zaka ziwiri zimene olemba ntchito akufuna, ndiponso imakuika pafupi ndi mavuto enieni ndi manambala enieni. Usiku ukadali wako.

Za magetsi sindinena zambiri, tonse tinaziona. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, chinaphwetsa madzi a ku Kariba, ndipo pofika Seputembala magetsi ankazima maola 17 patsiku kapena kuposa. Starlink inafika m'Zambia mu Okutobala 2023, koma mtengo wake si wa munthu wosagwira ntchito. Pa zonse zimene wolemba mapulogalamu amaphunzira, masamu okha ndiwo safuna soketi. Kope la ana a sukulu ndi pensulo zikwanira kuchulukitsa ma matrix, kupeza derivative, ndi kutsata ndi dzanja kudumpha kuwiri kapena kutatu kwa gradient descent pa manambala ochepa. Amene wachita zimenezi papepala, magetsi akabwera amadziwa chimene akufuna kompyuta imuchitire, ndipo bandulo yake siipita pachabe. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anamanga makina a mphepo opangira magetsi potsata zithunzi za m'buku la m'kalaibulale ka kumudzi, Chingerezi chake chili chochepa. Ndimamutchula chifukwa anayamba ndi vuto la pakhomo pake, mdima ndi chilala, ndipo buku linabwera kudzatumikira vutolo.

Mavuto otero kuno sasowa. Ofufuza a Zambian Carnivore Programme ku Mfuwe amazindikira mimbulu umodziumodzi poona mawanga a pathupi, popeza palibe iwiri yofanana, ndipo kufananiza zithunzi kotereku ndi ntchito imene makina angathandize. Mbozi za ntchemberezandonda zimene zinalowa m'minda yathu ya chimanga cha m'ma 2016 ndi 2017 zinachititsa akatswiri kupanga mapulogalamu a pafoni, monga Nuru wa PlantVillage, ozindikira tsamba lodyedwa kapena lodwala. Malipoti a minda yowonongedwa ndi njovu m'madera a mafumu Kakumbi, Mnkhanya, Nsefu, Jumbe, Malama ndi Msoro, atasanjidwa bwino ndi mwezi, mbewu ndi mtunda wochokera kumtsinje, angasonyeze kumene mipanda ya tsabola ikufunika msanga. Ndipo pali chinenero. Chichewa chinalowa mu Google Translate mu 2014. Mu 2021 pa Zindi, bwalo la mipikisano ya data la mu Africa, panali mpikisano wosanja nkhani za m'nyuzipepala za Chichewa zimene anasonkhanitsa Dr Amelia Taylor wa ku Blantyre. Ku University of Zambia, Claytone Sikasote ndi anzake anafalitsa mu 2023 ntchito ya Zambezi Voice, mawu ojambulidwa a Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi ophunzitsira makina kumva zolankhula. Chikunda chathu sichinali pakati pa zinayizo. Amene angakhale pansi ndi agogo a ku Msoro kapena a kwa Malama, kuwapempha chilolezo, kujambula mawu awo ndi kuwalemba mosamala, ndi mwana wa konkuno. Ntchito imodzi yotere, yomalizidwa ndi kulongosoledwa bwino, pamodzi ndi pamene yaphonya, imalankhula pa intaviyu kuposa masatifiketi khumi, chifukwa palibe wofunsira ntchito wina amene ali nayo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri mwa ophunzira okhawa ndi kusungulumwa. Pasukulu ukakakamira pa funso, mnzako wa pambali amakutsegula maso m'mphindi zochepa. Wophunzira yekha angakhale sabata yathunthu pa cholakwa chimodzi chaching'ono, n'kuyamba kudzikayikira iye mwini. Onjezanipo makalata osayankhidwa, anzake a kusekondale amene akuyendetsa kale magalimoto a alendo, ndi maso a anthu pa msika, mudzamvetsa chifukwa chake ena amafooka n'kuyamba kudzitsekera m'nyumba. Kwa mtsikana n'kovutirapo, pakuti ola limene mlongo wake akuwerenga, iye ali kumjigo kapena pamoto, ndipo akatsegula laputopu pali wina womufunsa za banja. Paja safunsa anadya phula. Magulu ofunsako alipo. BongoHive ku Lusaka yakhala ikusonkhanitsa olemba mapulogalamu kuyambira 2011. Deep Learning Indaba, imene inayamba ku Johannesburg mu 2017, ili ndi misonkhano ya m'maiko yotchedwa IndabaX, ndipo Zambia ili nayo yake. Masakhane, gulu la ofufuza zinenero za mu Africa lomwe linayamba mu 2019, limalandira aliyense pa intaneti osafunsa digiri. Kwa amene ali ndi digiri ndipo masamu awo alimba, AIMS, imene Neil Turok anayambitsa ku Cape Town mu 2003, imaphunzitsa ophunzira a mu Africa powalipirira zonse, ndipo mu 2018 inatsegula maphunziro a machine learning ku Kigali. Koma gulu loyamba likhale la pafupi: awiri kapena atatu a ku Mfuwe kapena ku boma, okumana Loweruka lililonse pansi pa mtengo, aliyense n'kulongosolera anzake chimene waphunzira sabata imeneyo. Ukalephera kuchilongosola m'chinenero cha kwanu, ndiye kuti sunachigwire, ndipo anzakowo ndiwo akuyezera kuphonya kwako.

Kwa inu amayi ndi abambo, pempho langa ndi ili. Mwana akamawerenga usiku, musamufunse kokha kuti ntchito ili kuti. Mufunseninso kuti sabata ino watumiza makalata angati, ndipo wamaliza chiyani choti akuonetseni. Ngati ali ndi yankho pa zonse ziwiri, musiyireni nyali, ndipo ngati ndi mtsikana, mugawireko alongo ake ntchito za pakhomo. Ngati alibe yankho, mudzudzuleni, pakuti pamenepo mwambi wanu wamugwira. Munthu wa tsokonombwe amadziwika ndi pamene wafika lero poyerekeza ndi mwezi watha, ndipo zimenezo ngakhale kholo losadziwa kompyuta lingazione.

Kwa atsogoleri a dera lathu, mu 2022 ndalama zachitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo mbali ina ndi ya maphunziro a luso. Chipinda chimodzi chokhala ndi sola, intaneti yodalirika, matebulo ndi mabuku ochepa a masamu, chotsegula mpaka usiku, sichingadye gawo lalikulu la ndalama zimenezo, koma chingasunge m'chigwa muno ana amene tikuwataya ku Lusaka asanakonzeke. Ndipo inu eni malo ogona alendo, mabungwe osamalira nyama, a zaulimi ndi a zaumoyo amene muli ndi zithunzi ndi makaundula odzaza m'makompyuta osapeza nthawi yowasanthula: mukafuna munthu wa ntchito imeneyo, ngakhale ya miyezi itatu yokha, yambani mwafunsa ku Mfuwe, ku Masumba, kwa Jumbe ndi ku Msoro musanaimbe foni ku Lusaka. Muwapatse ntchito yeniyeni, muwalipire, ndipo akaigwira bwino muwalembere kalata ya umboni.